Mwana waitanidwa ku intavyu ya sukulu ya zaudokotala: mungamuthandize bwanji?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'makomo ambiri mu Lilongwe muno nkhani imakhala imodzi: kodi mwanayu alowera kuti? Amene adakhoza bwino Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu maso awo amakhala kusukulu za zaumoyo. Amadzaza mafomu, kulipira kubanki, n'kuyamba kudikira. Tsiku lina dzina limatuluka pa mndandanda, kapena uthenga umalowa pafoni woti abwere ku intavyu tsiku lakutilakuti, 8 koloko m'mawa.

Apa mpamene makolo ambiri mumasowa pogwira. Pa mayeso olemba mumadziwa mbali yanu: fizi, mabuku ndi nyali yowerengera. Koma intavyu ndi mphindi zowerengeka m'chipinda chimene inu simulowamo, pamaso pa anthu amene mwana sadawaonepo. Malo ndi ochepa, owafuna ndi ambirimbiri, ndipo wophonya nthawi zambiri amadikira chaka chamawa ali pakhomo. Komabe intavyu ndi mayeso ngati ena onse, amakonzekeredwa. Zambiri zofunika pokonzekera sizigulidwa ndi ndalama. Inu kholo, kapena inu amene mumadzipereka pa ntchito za umoyo m'dera, muli nazo kale.

Dziwani khomo limene mwana akugogoda

Sukulu za zaumoyo sizisankha mofanana. Yunivesite ya boma yophunzitsa madokotala ndi Kamuzu University of Health Sciences, imene ambiri amangoti KUHeS. Idayamba mu 2021 pamene College of Medicine ya ku Blantyre, yomwe idatsegulidwa mu 1991, idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing. Ana ochokera ku Fomu 4 ofuna malo m'mayunivesite a boma amafunsira kudzera ku bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, ndipo chachikulu kumeneko ndi mapointi a MSCE. Wofuna udokotala amayamba ndi chaka chokonzekera cha sayansi, kenako zaka 5 za digiri ya MBBS, n'kudzagwiranso miyezi 18 akuyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu asanaloledwe kuima payekha.

Intavyu, mayeso olowera, kapena zonse ziwiri, zimapezeka kawirikawiri pa makomo ena. Pali makoleji ophunzitsa ma clinical officer, anamwino, azamba, a mulabu ndi a kufamasi. Wodziwika kwambiri kuno ndi Malawi College of Health Sciences, amene nthambi yake ya Lilongwe ili pafupi ndi Kamuzu Central Hospital, ndipo nthambi zina zili ku Blantyre ndi ku Zomba. Palinso makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, monga a ku Nkhoma, ku Malamulo ndi ku Ekwendeni. Amene akubwerera kusukulu atagwirapo kale ntchito, ofuna sikolashipu, ndi ofunsira malo kunja kwa dziko, nawonso nthawi zambiri amakumana ndi intavyu.

Sukulu iliyonse imalemba njira yake m'chilengezo cha chaka chimenecho, ndipo njirayo imatha kusintha. Musadalire zimene adachita mwana wa anansi zaka zitatu zapitazo. Werengani chilengezocho pamodzi ndi mwana, mzere ndi mzere, ndipo pamene simukumvetsa mwanayo akafunse yekha ku ofesi ya sukuluyo. Safunsa adadya phula.

Kafunsidwe kodziwika ndi ka gulu la anthu angapo okhala patebulo, mwana ali patsogolo pawo. Sukulu zambiri za ku Britain, Canada ndi Australia zimagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa MMI, yomwe idayambira ku McMaster University ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. M'njira imeneyi mwana amadutsa m'zipinda zingapo, chilichonse chili ndi funso lake ndi wofunsa wake, kwa mphindi zochepa. Akalakwitsa m'chipinda chimodzi amakayambanso mwatsopano m'chinacho.

Ofunsawo akufuna kuona chiyani?

Mapointi adawaona kale papepala. Sadamuitanire mwana kuti akamve kuti adakhoza Biology. Akufuna kuona zimene satifiketi singaonetse.

Ife amene timaona odwala tikudziwa kuti gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kufunsa ndi kumvetsera. Pachipatala chaching'ono palibe makina ounikira m'thupi, ndipo labu imayeza zinthu zochepa. Chimene chimasiyanitsa malungo ndi chibayo, kapena kupweteka kwa m'mimba wamba ndi mimba yokhala panja pa chiberekero, kawirikawiri ndi mafunso abwino ndi khutu lotchera. Munthu wosamvetsera, ngakhale akhale wanzeru chotani, amaphonya matenda.

N'chifukwa chake ofunsa amayang'ana zinthu zinayi. Choyamba, ngati mwana akudziwa ntchito imene akuifuna, osati yunifomu yake yokha. Chachiwiri, ngati amamva funso lonse asanayankhe ndipo amatha kufotokoza momveka. Chachitatu, mmene amaganizira akakumana ndi chinthu chimene sadachiwerengepo. Chachinayi, ngati amanena zoona. Mwana amene anganene modekha kuti "chimenecho sindikuchidziwa, koma ndingaganize motere" amaposa amene akupeka yankho molimba mtima. M'wodi, munthu wobisa kuti sakudziwa ndiye woopsa kwa odwala.

Funso limene limagwetsa ambiri

Pafupifupi intavyu iliyonse imafika pa funso ili: chifukwa chiyani ukufuna ntchito imeneyi? Ana ambiri amayankha kuti akufuna kuthandiza anthu, kapena kuti adailakalaka kuyambira ali aang'ono. Si bodza, koma ofunsa amakhala atalimva yankholi kambirimbiri kuyambira m'mawa. Mphunzitsi, wapolisi ndi mlangizi wa zaulimi nawonso amathandiza anthu.

Yankho lolimba limaima pa mafuwa atatu: chimene mwana adaona, chimene adachita ataona, ndi chimene akudziwa za kuvuta kwa ntchitoyo. Mwachitsanzo, mtsikana amene adakhalapo gadiyani wa agogo ake m'chipatala angafotokoze mmene wogwira ntchito wina adawafotokozera za matenda a shuga m'Chichewa chomveka, mpaka agogowo adayamba kumwa mankhwala mwandondomeko. Angawonjezere kuti kuyambira pamenepo iyeyo ndiye amasunga buku la kuchipatala la agogowo ndi kuwakumbutsa masiku a sikelo ya shuga. Angatsirize ponena kuti adaonanso kuchepa kwa ogwira ntchito usiku ndipo akudziwa kuti ntchitoyi ilibe Khirisimasi. Yankho lotere ndi lake yekha, palibe wina angalibwereke.

Musamupekere mwana nkhani yomvetsa chisoni. Ofunsa amafunsa funso lachiwiri ndi lachitatu pa nkhani yomweyo, ndipo nkhani yopeka imaduka pamenepo. Komanso dzifunseni nokha mosabisa: kodi amene akufuna udokotalawu ndi mwanayu kapena ndi inu? Mwana wokankhidwa amaoneka pa kayankhidwe kake, ndipo ngakhale atadutsa, zaka zophunzira ndi zambiri kwa munthu amene mtima wake uli kwina.

Mafunso ena obwera kawirikawiri ndi awa: tiuze za iwe mwini; chifukwa chiyani wasankha sukulu ino; ndi chiyani chimene chimakuvuta; udatsogolerapo anzako pa chiyani; ungalole kukagwira ntchito kutali ndi tauni; fizi adzakulipirira ndani. Lomalizali likukhudza inu. Kambiranani zoona zake za ndalama tsiku lisanafike, kuti mwana asakangoti kakasi. Ophunzira osowa a m'mayunivesite ovomerezeka amatha kufunsira ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board.

Mwana adziwenso kusiyana kwa ntchitozi. Dziko lino lidayamba kuphunzitsa ma clinical officer mu 1976, kusanakhale sukulu ya madokotala. Amaphunzira dipuloma ya zaka 3 n'kugwira chaka chimodzi akuyang'aniridwa, ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma ndi amene amaona odwala ochuluka ndi kuchita maopareshoni ambiri obereketsa amayi. Wofunsira maphunziro amenewa asakanene kuti wabwera chifukwa udokotala udamukanika. Ena mwa omufunsawo angakhale ma clinical officer amene amanyadira ntchito yawo.

Adziwe za umoyo wa dziko lake

Funso loti "ndi mavuto ati a zaumoyo amene akusautsa Malawi" limasiyanitsa mwana amene amatsatira nkhani ndi amene amangowerenga manotsi. Sayenera kuloweza ziwerengero zambiri. Zinthu zochepa zodziwika bwino n'zokwanira, bola athe kuzifotokoza.

Adziwe kuti mliri wa kolera umene udayamba mu 2022 n'kufika mu 2023 udali woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino, udapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Adziwe kuti mu Epulo 2019 Malawi lidakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana, patsogolo pa Ghana ndi Kenya. Adziwe kuti mu Febuluwale 2022 boma lidalengeza kuti mwana wina wa mu Lilongwe wapezeka ndi poliyo, n'chifukwa chake padachitika makampeni a katemera a khomo ndi khomo. Adziwe kuti ma ARV aulere adayamba mu 2004, ndipo mu 2011 Malawi ndiye adayambitsa njira ya Option B+ yoika amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi HIV pa mankhwala a moyo wonse, njira imene maiko ena adadzatengera. Katemera wa HPV woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero adayamba dziko lonse mu 2019.

Adziwenso mmene wodwala amayendera: kuchokera kwa mlangizi wa zaumoyo m'dera, kupita ku chipatala chaching'ono monga cha Area 18, Kawale kapena Area 25, kenako ku Bwaila ku Old Town, ndipo zikavuta kwambiri ku Kamuzu Central Hospital, chipatala chachikulu cha chigawo chapakati chimene chidatsegulidwa mu 1977. Mwana amene angafotokoze chifukwa chake munthu wa chimfine sayenera kuyambira ku Central waonetsa kuti akumvetsa dongosolo. Asaiwale matenda a kuthamanga kwa magazi, shuga ndi ngozi za pamsewu, makamaka za njinga zamoto za kabaza, zimene zikudzaza mawodi masiku ano.

Njira yophweka yophunzirira zimenezi ndi kumvetsera limodzi nkhani za pawailesi madzulo, kenako n'kumufunsa mwana kuti: wamvapo chiyani, ndipo iwe ukuganiza bwanji?

Sayansi aifotokoze ngati akuuza agogo

Mafunso a sayansi pa intavyu nthawi zambiri sapitirira za Fomu 4. Chimene chimayesedwa ndi kumvetsa, osati kuloweza. Muyeseni mwana ndi mafunso atatu awa, ndipo mayankho ake ndi awa kuti inunso muthe kumuweruza.

Chifukwa chiyani Thanzi ORS muli mchere ndi shuga, osati madzi okha? Munthu wotsegula m'mimba amataya madzi pamodzi ndi mchere wa m'thupi. M'matumbo, shuga amathandiza mchere kulowa m'magazi, ndipo madzi amatsatira mcherewo. N'chifukwa chake paketi imodzi imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi otetezeka, osachulukitsa kapena kuchepetsa.

Chifukwa chiyani mwana wodwala malungo amatha magazi? Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma, tizilombo timayamba takhala m'chiwindi, kenako timalowa m'maselo ofiira a magazi, kuswana mmenemo mpaka maselowo kuphulika. Maselo ofiira akachepa, mwana amayera m'manja ndi m'zikope.

Chifukwa chiyani wodwala ayenera kumaliza LA ngakhale wapeza bwino tsiku lachiwiri? Mankhwalawa amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu. Kutentha thupi kumatha tizilombo tisanathe tonse, ndipo totsalato timayambitsanso matenda. Kumwa mankhwala mwatheka kumathandizanso tizilombo kuyamba kupima mankhwala. Dziko lino lidaziona kale: mu 1993 lidasiya chloroquine chifukwa adasiya kugwira ntchito, ndipo mu 2007 lidasiyanso SP ngati mankhwala oyamba a malungo n'kuyamba LA.

Mwana akafotokoza inu n'kumva, ndiye kuti wamvetsa. Akamangotchula mawu akuluakulu a Chingerezi inu osatolapo kanthu, abwerere ku buku.

Mafunso amene yankho lake silili m'buku

Ofunsa amakonda kupereka nkhani yongoyerekeza kuti aone khalidwe. Mwachitsanzo: bambo wabwera kudzafunsa zotsatira za HIV za mkazi wake, akuti iye ndiye mutu wa banja. Kapena: uli pantchito, azakhali ako ali kumapeto kwa mzere wautali ndipo akukukodola. Kapena: gadiyani akukupatira ndalama kuti m'bale wake aonedwe msanga. Kapena: mnzako wa m'kalasi wajambula bala la wodwala n'kuliika pa WhatsApp.

Mwana asathamangire kuyankha kuti inde kapena ayi. Aganize mokweza, motsatira mafunso anayi. Kodi pali moyo umene uli pachiswe pompano? Kodi mwini thupi akufuna chiyani? Kodi chinsinsi cha wodwala chikusungidwa? Kodi ndi wamkulu uti amene ndiyenera kumudziwitsa?

Pa nkhani ya bambo uja, zotsatira ndi za mayiyo, ndipo lamulo la dziko lino la HIV ndi Edzi limateteza chinsinsi chimenechi. Yankho labwino silithera pa kukana. Limawonjezera kuti bamboyo alandiridwe mwaulemu, alimbikitsidwe kuyezetsa, ndipo ngati mayiyo walola, awiriwo alandire uphungu limodzi. Pa nkhani ya azakhali, amene amadumpha mzere ndi wodwala kwambiri, monga mwana amene akukomoka kapena akubanika, osati wachibale. Mwana awapatse moni azakhaliwo, aone ngati ali pangozi, ndipo ngati sali pangozi awafotokozere kuti adikire ngati ena onse.

Apa makolo muli ndi mbali yaikulu. Mwana amene amamva kunyumba kuti kuchipatala n'kofunika kukhala ndi wodziwana naye, amakanena zomwezo pa intavyu osadziwa kuti wadzigwetsa.

Chingerezi, maso ndi mawu

Intavyu imachitika m'Chingerezi chifukwa maphunzirowo ndi a m'Chingerezi. Ana athu amafika ndi misampha yosiyana. Mwana wa ku Area 10 kapena Area 43 amene adaphunzira sukulu yolipira amalankhula mosadodoma, koma nthawi zina sadalowepo m'chipatala cha boma, ndipo akauzidwa kuti afotokozere agogo a kumudzi za kuthamanga kwa magazi m'Chichewa amasowa mawu. Mwana wa ku Chinsapo kapena ku Mtandire amadziwa bwino mzere wa kuchipatala ndi vuto la madzi, koma amaopa kulakwitsa galamala, n'kumangoyankha mawu amodzi amodzi.

Woyambayo apite akaone moyo wa odwala ambiri a dziko lino, ndipo azolowere kufotokoza za matenda m'chiyankhulo chawo. Wachiwiriyo alankhule Chingerezi mokweza tsiku lililonse, ngakhale mphindi 15, powerenga nyuzipepala n'kufotokoza zimene wawerenga. Laibulale ya National Library Service ku City Centre ili ndi nyuzipepala ndi malo owerengera. Ofunsa sakufuna Chingerezi cha ku London. Akufuna ziganizo zazifupi zomveka.

Palinso nkhani ya mwambo. Timaphunzitsa ana kuzolika pamaso pa akulu ndi kuyankha motsitsa mawu, makamaka atsikana. Pakhomo umenewo ndi ulemu, koma pa intavyu umaoneka ngati mantha kapena kusadziwa. Muuzeni mwana kuti tsiku limenelo ulemu wake ukhale m'moni, m'kudikira kuti auzidwe kukhala pansi, ndi m'kusadula wofunsa pakamwa. Mutu akweze, amuyang'ane amene akulankhula naye, mawu amveke mpaka kumapeto kwa tebulo. Akapanda kumva funso, apemphe kuti alibwereze.

Yesererani pakhomo

Pezani anthu awiri kapena atatu amene mwana sadawazolowere kwambiri: mphunzitsi wopuma ntchito, namwino wa kutchalitchi kapena kumzikiti kwanu, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera. Ikani tebulo ndi mipando. Mwana avale zimene adzavale, agogode, alowe, apereke moni. Mufunseni kwa mphindi 15 popanda kuseka kapena kumuthandiza. Yankho lililonse lisapitirire mphindi ziwiri. Ngati pali foni yojambula, jambulani kuti adzione yekha mmene akugwedezera mwendo kapena kuseweretsa bolopeni.

Mukamaliza, yambani mwamuuza ziwiri zimene wachita bwino, kenako chimodzi kapena ziwiri zoti akonze. Mukamuunjikira zolakwa khumi, amangotenga mantha. Chitani zimenezi katatu kapena kanayi, masiku osiyana, mukusintha mafunso. Asaloweze mayankho ngati ndakatulo ya pa tsiku la makolo, chifukwa woloweza akadulidwa pakati amaiwala zonse. Asunge mfundo m'mutu, mawu azibwera okha.

Inu odzipereka pa zaumoyo

Inu amene mumathandiza pa sikelo ya ana, m'makomiti a zaumoyo, m'magulu a Red Cross kapena poyendera odwala m'makomo, muli ndi chuma chimene ana ofuna ntchitoyi akuchisowa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukadziwa wachinyamata wa m'dera amene waitanidwa, pemphani chilolezo kwa mkulu wa pachipatala kapena mlangizi wa zaumoyo kuti ayende nanu masiku angapo. Akhoza kukonza mzere, kumvetsera uphungu wa pagulu, kuthandiza pa kampeni ya ukhondo, kapena kuona mmene madzi amathiridwira klorini.

Malire ake ndi omveka: asabaye jakisoni, asapereke mankhwala, asawerenge mabuku a odwala, asajambule aliyense, ndipo zimene wamva zisatuluke. Madzulo alembe m'kope zimene waona ndi zimene waphunzirapo, popanda maina a anthu. Kope limeneli ndilo nkhokwe ya mayankho ake. Mumuuzenso zovuta za ntchitoyi, monga kusowa kwa mankhwala, ambulansi yochedwa ndi imfa zimene zikadapeweka. Walira mvula walira matope.

Mapepala, zovala ndi ulendo

Sabata isanafike intavyu, ikani m'envulopu imodzi kalata kapena uthenga woitanira, satifiketi ya MSCE kapena pepala la zotsatira lochokera ku MANEB, chiphaso cha unzika, risiti ya kubanki, mafotokope a zonsezi ndi mabolopeni awiri. Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pa mapepala onse. Ngati zikusiyana, yambani kulondola msanga, musadikire kuti zikaonekere pakhomo la intavyu.

Zovala zikhale zoyera, zosita ndi zokwana bwino. Suti yodula siwonjezera malikisi. Shati ndi buluku, kapena siketi ndi bulauzi za pa kaunjika wa ku Tsoka, n'zokwanira. Sitani dzulo lake, magetsi sadziwika.

Mwana akaone malowo tsiku limodzi lisanafike tsikulo, adziwe geti ndi chipinda. M'mawa magalimoto amathithikana pa mlatho wa Lilongwe ndi potuluka mu Old Town, ndipo mafuta akasowa maminibasi amachepa. Okhala m'kati mwa ma Area kumene minibasi sizilowa, konzani mayendedwe usiku wake. Wochokera kutali agone kwa achibale m'tauni. Afike ola lathunthu nthawi isanakwane, atadya, ali ndi botolo la madzi, chifukwa akhoza kudikira mpaka masana. Foni azimitse. Inu mukamuperekeza, tsalani kunja kwa geti. Ngati intavyu ndi ya pa intaneti, tchajani foni kapena kompyuta, gulani bandulo yokwanira, yesani mawu ndi kamera, ndipo pezani chipinda chopanda phokoso.

Chenjerani ndi ogulitsa malo

Nyengo ya kusankha ophunzira ndi nyengonso ya akuba. Wina amaimba foni n'kunena kuti ali m'kati mwa ofesi, dzina la mwana wanu lili m'malire, mutumize kangachepe pa nambala yake kuti lilowe. Wina amagulitsa mapepala amene akuti ndi mafunso a intavyu. Musatumize. Ndalama za fomu zimalipiridwa ku akaunti ya sukulu yolembedwa m'chilengezo, ndipo pamakhala risiti. Wopempha ziphuphu mukamunene kupolisi kapena ku Anti-Corruption Bureau. Wopereka ziphuphu nayenso amapalamula mlandu, ndipo mwana wolowa mwachinyengo amakhala ndi chiopsezo chochotsedwa ngakhale ataphunzira kale zaka zingapo.

Musanalipire fizi kulikonse, fufuzani ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka. Funsani ku NCHE, komanso ku Medical Council of Malawi pa za madokotala ndi ma clinical officer, kapena ku Nurses and Midwives Council of Malawi pa za anamwino ndi azamba. Maofesi a mabungwe onsewa ali mu Lilongwe momwe muno. Chimodzimodzi sukulu za kunja: funsani kaye ku Medical Council ngati digiri yake idzalandiridwe mwana akadzabwerera. Pepala limene bungwe loyang'anira ntchito silikulizindikira silimulola munthu kugwira wodwala, ngakhale mutagulitsa munda kuti mulipeze.

Akapanda kusankhidwa

Ana ambiri abwino amatsala chifukwa malo ndi ochepa. Zikatero, mawu anu oyamba ndi amene mwana adzawakumbukire. Musamuyerekeze ndi mwana wa uje. Pakapita masiku angapo, khalani naye pansi alembe mafunso onse amene akuwakumbukira ndi pamene adakakamira. Ngati vuto lidali mapointi, akhoza kulembanso MSCE. Ngati lidali kayankhidwe, ali ndi chaka chokonza. Chakacho asangokhala: adzipereke pa ntchito za umoyo m'dera, ndipo afunsire ku sukulu zingapo, osati imodzi.

Njira zolowera m'ntchitoyi n'zambiri. Alipo amene adayamba ngati alangizi a zaumoyo kapena ma medical assistant n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo ma clinical officer amene agwirapo ntchito ali ndi mwayi wokachita digiri ku KUHeS. Chimene mungayambe lero, kalata isanabwere n'komwe, ndi kumufunsa mwana chifukwa chake akuifuna ntchitoyi, n'kumusiya ayankhe mpaka amalize, inu osamuyankhira.